Kamodzi ndi Dothi

Zolozolo, Mzuzu
9 Julayi 2023

Okondedwa Achimwene Abdulmajid,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti Mzuzu wazizira ngati watikwiyira, mvula yowaza tsiku ndi tsiku, zovala siziuma. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ine ndi inu pafoni sitimaliza nkhani. Mumandidula pakamwa, ine n'kupsa mtima, mayunitsi n'kutha. Blackson wa basi wati akupatsirani pamanja.

Galimoto ya Hamisu yabedwa. Pikapu yoyera ija anagula ndi ndalama zake zopumira usilikali, imene amadyera ponyamula katundu wa amalonda kumsika. Yabedwa dzana Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, ife tili mumzikiti pa swala ya Ijuma.

Mukudziwa kuti chibwerere ku Congo mng'ono wanuyu sayendetsa yekha, chifukwa cha mwendo anausiya kumeneko ndi matenda akugwa amene anabwera ndi kachitsulo ka bomba kali m'mutu kaja. Amamuyendetsa ndi Stanford, mnzake wa ku usilikali, Mtumbuka wa ku Mzilawaingwe, yemwe anamuphunzitsira agalu awiri aja. Tsikulo anaimika galimoto kuseri kwa chigayo chakale, patali ndithu ndi mzikiti. Hamisu anatsika ndi ndodo zake kubwera kudzaswali. Stanford anatenga galu wamkulu uja, Sajeni, kukamuyendetsa kudambo, ndipo wamng'onoyo, Kopolo, anamutsekera kumbuyo m'kanope. Pobwerako anapeza galimoto palibe, matayala atangodinda m'matope.

Musanamve kwa anthu ena, amene anawauza kuti aziimika kuchigayo ndine, ndipo sindikuona chimene ndinalakwa. Kale ankaimika pageti penipeni pa mzikiti, agalu atatulutsa malilime, amayi akudutsa atakwinya nsalu zawo kuopa dovu. Ine ndimagulitsa shuga ndi ufa kwa anthu omwewo. Mukudziwa mmene amayankhulira: mlongo wake wa Munirah amagona ndi najisi, chonyansa chodetsa munthu, m'nyumba, nanga ufa wa m'golosale mwake ungakhale bwanji? Ndinatopa nazo, ndinamupempha kuti agaluwo azikhala kumene maso a anthu safika.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti Hamisu sakulira galimoto. Kupolisi atamufunsa nambala yake, iye anayamba kufotokoza galu: wamkazi, wofiirira, khutu limodzi logwa, mchira woyera kunsonga. Wapolisi anaika cholembera pansi n'kuyang'ana ine. Ndinachita manyazi, ndinalakalaka nditamira m'simenti ya pansi.

Foni yake inali m'galimoto momwemo. Amalonda amene ankawanyamulira katundu apeza kale ena, anthu a kumsika sadikira. Tithandizeni nzeru, ndipo ngati kulipo kangachepe tumizani ndi Blackson, chifukwa mankhwala ake atsala pang'ono kutha.

Ndine mlongo wanu,
Munirah

Mayfair, Johannesburg
13 Julayi 2023

Chemwali Munirah,

Waleikumu salamu. Kalata yanu Blackson wandipatsa dzulo kusiteji, ndipo ndinaiwerenga nditaima pomwepo, anthu akundigunda ndi zikwama. Ife tili bwino, alamu anu akupereka moni. Ntchito ya utelala ikuyenda mwa apo ndi apo chifukwa magetsi kunonso akuzimazima.

Nkhaniyi yandipweteka. Galimoto ija sinali chitsulo chabe, unali mwendo wa Hamisu umene anaugula ndi magazi ake. Koma chemwali, inu ndi Hamisu pa nkhani za akuba ndinu ana. Ine ndakhalitsa mu Joni muno, ndikudziwa kuti galimoto siibedwa popanda munthu wam'kati. Stanford ameneyu amadziwa poimika, amadziwa nthawi imene Msilamu aliyense amakhala ataika mphumi pansi, ndiye nthawi yomweyo n'kumene galu wamkuluyo anafuna kudambo? Kauzeni apolisi amufinye bwinobwino, aulula.

Za kuchigayo musadandaule, munachita bwino. Ndinanena kalekale kuti mwana wa malemu Che Sufyan sangamagone chipinda chimodzi ndi agalu. Bambo akanakhala moyo sakanalowa m'nyumba imeneyo ngakhale kunja kukugwa matalala. Ine ndikuona kuti m'kati mwa tsokali Mulungu watitsegulira khomo. Galu mmodzi wapita yekha. Winayo mumupereke kwa alonda a m'tauni, agalu akuluakulu amawafuna. Hamisu asamukire kwanu, m'chipinda chakuseri chija, muzimuyang'anira inu magazi ake. Munthu amasamalidwa ndi anthu.

Ndatumiza foni, jekete, bulangete ndi kangachepe ka mankhwala. Za galimoto ina ndayamba kale kuyankhula ndi anzanga a kumzikiti kuno, ambiri ndi a kwathu ku Machinga ndipo bambo ankawadziwa. Muonetseni Hamisu kalatayi adziwe kuti mkulu wake sanakhale pansi. Ndipo alekeretu kulira galu pamaso pa apolisi, angamuyese wozungulira mutu n'kuitaya nkhaniyo.

Ndine mlongo wanu,
Abdulmajid

Mzilawaingwe, Mzuzu
18 Julayi 2023

Achimwene,

Asalamu aleikumu. Moni kwa alamu ndi ana. Zikomo chifukwa cha jekete, foni ndi mankhwala. Musadabwe ndi kalembedweka, dzanja si langa. Ndikuyankhula ine Hamisu, akulemba ndi Stanford, yemwe uja mwati amufinye. Kalata yanunso anandiwerengera ndi iyeyo, chifukwa ndikachoka pa kugwa maso anga sagwira zilembo. Anafika pa dzina lake n'kupitiriza, osatsokomola n'komwe.

Dzanja langa lamanja lapsa. Loweruka masana ndinkaotha mbaula, kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Ndinangozindikira ndili pansi, Sajeni akuuwa pakhomo, mayi woyandikana nane akundithira madzi. Dzanja linagwera pamakala. Chikhalire ndi Kopolo ndinali ndisanapsepo kapena kung'ambika pamphumi, ndipo sikuti ndinasiya kugwa ayi.

Mwakhala mukumva kuti ndili ndi agalu, koma simunafunsepo kuti amagwira ntchito yanji. Lero mumve. Matendawa akamabwera ine sindidziwa kalikonse, ndimakhala ndikuseka kapena kumwa tiyi. Kopolo amadziwa. Kaya amanunkhiza chiyani, ngakhale adokotala sanandiyankhe. Amasiya chilichonse, amaluma mwendo wa buluku langa n'kumakoka, osasiya mpaka nditagona pansi. Ndimapeza mpata wochoka pamoto, pamsewu kapena pamasitepe, n'kutsamira chovala kumutu. Zikatha ndimadzuka ndi mutu wowawa basi. Sajeni ntchito yake ndi ina. Amaima nji kuti ndimutsamire podzuka, ndipo amanditolera ndodo zikagwa. Ndi wamphamvu, koma fungo limenelo salimva. Ine ndinatuluka usilikali ndilibe udindo, ndiye ndinawapatsa mayina amenewa kuti pakhomo pano pakhale ondilamula.

Mwati munthu amasamalidwa ndi anthu. N'zoona, ndipo chemwali amandikonda, ndikudziwa. Koma ngakhale atatseka golosale n'kukhala pambali panga tsiku lonse, adzaona kugwa kwanga nditagwa kale.

Za najisi ndikuzidziwa, kumadrasa tinkapita limodzi. Pakhomo panga pali ndowa ya madzi ndi mbale ya dothi. Ndisanaswali ndimasamba kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, ndipo zovala za swala zimakhala pamsomali pamene galu safika. Chipembedzo sindinasiye, Achimwene. Ku Congo ndinasiyako mwendo wokha.

Stanford ndi amene anandibereka kumsana tsiku la bombalo mpaka pagalimoto ya odwala. Akanakhala wakuba akanayambira nsapato zanga, pakuti imodzi inali itatha kale ntchito. Musamutchulenso choncho, zikundiwawa kuposa dzanjali.

Galimoto ikapezeka ipezeke. Ine ndikufuna galu wanga. Kwa chemwali sindisamukira, chifukwa Kopolo akawathawa anthuwo abwera pakhomo pano, ndipo sindifuna apeze chitseko chotseka.

Ndine mng'ono wanu,
Hamisu

Monire a Abdulmajid. Ndine Stanford. Apa ndaonjezera zanga, mwini wake sakudziwa. Sindinakwiye yayi, munthu ukakhala kutali umaganiza zambiri. Kupolisi ndinapita ndekha, sitetimenti ndinapereka. Koma nkhuwopa chomene. Mnzangayu wagwa kangapo sabata ino, ndipo zinthu zili serious kuposa mmene akuuzirani. Galu wina ndingaphunzitse kutola ndodo, koma mphuno ya Kopolo siphunzitsidwa, anabadwa nayo. Ndikuyenda m'magalaja ndi m'misika kufunsafunsa. Yewo chomene chifukwa cha jekete, yamukwana.

Zolozolo, Mzuzu
25 Julayi 2023

Achimwene Abdulmajid,

Asalamu aleikumu. Moni kwa alamu ndi ana. Kalata yanu ndinamuonetsa monga munanenera, ndipo ndikhulupirira yankho lake mwalilandira. Inu mukukoka uko, iye akukoka uku, wong'ambika ndine.

Galimoto yapezeka Lachinayi m'nkhalango ya paini panjira ya ku Choma. Ndati galimoto, koma ndi chigoba. Injini, matayala, mipando, zonse anasolola. Anaipeza ndi Stanford, amene wakhala akuyenda wapansi kufunsa amayi otola nkhuni, ndiye zomufinya zija tizisiye. Galasi la kanope linali losweka, pali magazi ouma ndi chidutswa cha buluku la munthu. Apolisi akuti galuyo analuma mmodzi wa akubawo. Mtembo wa galu panalibe. Hamisu atamva anaseka koyamba chibedwere galimoto, nati, "Ameneyo ndi msilikali."

Kusekako sikunakhalitse. Lachisanu galimoto ya chimkuzamawu inazungulira muno kulengeza kuti kwabuka chiwewe. Agalu onse amangidwe pakhomo, ndipo kuyambira Lolemba likubwerali aliyense wopezeka akuyendayenda awomberedwa. Tsiku lomwelo mayi wina wogulitsa makala anati anaona galu wofiirira ku Chiputula, waya uli m'khosi, akutsimphina. Chimvereni zimenezo Hamisu sakhala pansi. Amalawira m'mawa, dzanja lili m'bandeji, ndodo mbali iyi, Sajeni mbali inayo, kumayenda m'tinjira ta ku Chiputula akuimba likhweru. Stanford akapita uku, iye amazembera uko.

Dzulo anagwera m'ngalande yodzaza madzi pafupi ndi msika. Anamuvuula ndi akabaza. Akuti anapeza Sajeni ataluma kolala ya jekete yanu ija, akulimbana kuti mutu usamire. Ndinathamangira kuchipatala. Achimwene, mwana ameneyu ndinkamusambitsa ndine amayi atamwalira, koma dzulo ndinalephera kumuyang'ana kumaso. Mano akutsogolo aguluka, mlomo ausoka.

Ndinati, "Tiye kwathu lero lomwe, chipinda ndakonza kale."

Anati, "Ndi Sajeni?"

Ndinati, "Ukudziwa kuti pakhomo panga galu sapondapo."

Anati, "Ndiye inenso sindipondapo, chemwali. Musakwiye."

Ndinakwiya ndithu. Ndinamuuza kuti akufuna kufera kagalu ka khutu logwa kamene mwina kanawola kale kuthengo, ndiponso kuti akutichititsa manyazi kawiri, ali ndi agalu ndiponso alibe agalu. Odwala onse m'chipindamo anatembenuka. Iye anangoyang'ana kukhoma, ndipo ndinatuluka osatsanzika.

Ndili ndi mantha. Akapitiriza kusakaku tsiku lina adzagwa pamsewu waukulu galimoto zikuthamanga. Akasiya, Lolemba likubwera ndi mfuti zake. Ndikanati muyankhule naye, koma foni munamutumizira ija akaona nambala ya ku Joni amangoiyang'ana mpaka itasiya kulira. Ndiuzeni chochita.

Ndine mlongo wanu,
Munirah

Mayfair, Johannesburg
28 Julayi 2023

Chemwali Munirah,

Waleikumu salamu. Makalata onse awiri ndalandira. Ya Hamisu yandilasa, sindibisa. Stanford mumupepesere m'malo mwanga, ndinafulumira kuyankhula. Koma pa za agalu sindikusintha, ndipo za m'ngalandezi zandilimbitsa mtima. Galu ameneyu atiphera m'bale wathu ngakhale kulibe.

Dzulo ndinasoka kolala ya kasitomala chagada, chinthu chimene sindinachitepo. Bambo ndinawaika m'manda ndine, amayi ndinawaika ndine. Sindikufuna kukwera basi ya Blackson nditanyamula nsanda ya mng'ono wanga m'chikwama.

Tsono mverani. Lamlungu mutenge amuna awiri a kumzikiti, mukamunyamule, afune asafune, akhale kwanu mpaka sabata ya mfuti ithe. Sajeni atsale kwa Stanford. Winayo, ngati ali moyo, musamufunefune. A mfuti agwire ntchito yawo, nkhani ithe, Hamisu alire kenaka aiwale. Mukamuona inu galuyo, yang'anani kumbali. Ndikudziwa kuti ndi mawu ouma, koma wina ayenera kuwanena, ndipo wamkulu ndine.

Anzanga avomera kusonkha, galimoto ina ipezeka chaka chisanathe, Insha Allah. Mumuuze kuti ndi yake tsiku limene adzasiye agalu.

Ndine mlongo wanu,
Abdulmajid

Zolozolo, Mzuzu
2 Ogasiti 2023

Achimwene Abdulmajid,

Asalamu aleikumu. Kalata yanu yafika lero Lachitatu, Blackson akuti basi inafera ku Tete. Ikanafika Lamlungu mwina ndikanakumverani. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, apa simungandidule pakamwa.

Lolemba m'mawa ndinatsegula golosale mfuti zikumveka kale chakumunsi kwa msika. Stanford anali atanditumizira uthenga kuti wamutsekera Hamisu m'nyumba, iye wakhala pachitseko, chifukwa mng'ono wanuyo ankafuna kukaima kutsogolo kwa mfutizo ndi ndodo zake.

Ndili pakati poyeza shuga kunabwera Mabel, mayi amene amandigulitsa mandasi. Mfuti italira anapukusa mutu nati, "Kagalu kaja ka kuchigayo lero kafa nadi."

Ndinati, "Kagalu kati?"

Anati, "Kali kuseri kwa chigayo chakale, masiku ndithu. Anthu amakagenda, kamathawa, kenaka kamabwerera pamalo pomwepo. Chitima chomene, kakumvetsa chisoni, ngati kakudikira munthu."

Achimwene, Hamisu ankadikira ku Mzilawaingwe, ankasaka ku Chiputula, koma galuyo anabwerera pamene mwini wake anamusiya. Malo ake ndi aja ndinasankha ine, kumene maso a anthu safika. Ndinasiya shuga pasikelo n'kuthamanga, golosale ili chitsegulire.

Ndinamupeza pakhonde la chigayo, pafupi ndi pamene matayala anadinda paja. Mafupa okhaokha, waya utadya m'khosi, ntchentche zitamuunjirira. Khutu logwa, mchira woyera kunsonga, zonse zija ndinachita nazo manyazi kupolisi. Galimoto ya a mfuti inali itakhota kale pamzikiti, anthu akuilozera kumeneko.

Ndinaitana kuti, "Kopolo." Dzinali ndinali ndisanamuitanepo nalo. Anadzutsa mutu n'kugwedeza mchira, koma kuimirira analephera.

Bambo wa mfuti anatsika nati, "Amayi, patukani. Galu ameneyo alibe mwini."

Ndinati, "Mwini wake ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi. "Inuyo? Ngati ndi wanu, bwanji sali pachingwe? Ife tikusiya womangidwa yekha."

Chingwe ndinalibe. Pamsewu panali pataima amayi a kumzikiti, omwe aja ndinkawaopa. Ndinavula mpango woyera wa pamapewa, uja munanditumizira pa Idi, ndinagwada m'matope n'kumumanga pachifuwa, pakuti khosi linali chilonda. Anandinyambita kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono. Sindinama, zinandinyansa. Koma mfundo ndinamanga, ndipo nsonga ya mpango ndinaikulunga kudzanja.

Bamboyo anafunsa za katemera. Ndinati chiphaso chili ndi mlongo wanga, msilikali wopuma amene galuyu amamuyang'anira. Iye anati, "Wamangidwa tsopano. Mupite naye kwa a ziweto akamuone." Anabwerera m'galimoto.

Akabaza onse anakana kunyamula galu wa zilonda. Ndinamunyamula m'manja ndekha, kudutsa pamsika, kudutsa pagolosale yanga pamene Mabel anali atakhala pakhomo kundilondera, mpaka kwathu. Zolozolo yense anaona, ndipo ayankhula mpaka chaka chitha. Ndinamugoneka pakhonde pa thumba n'kuimbira Stanford.

Anabwera pa takisi. Hamisu anatsika n'kuima pageti, Sajeni ali pambali. Galu wake akumuona pakhonde apo, koma sanaponde m'kati. Anati, "Chemwali, tilowe?" Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, kuti mwana wa amayi anga akupempha chilolezo pageti panga. Ndinati, "Lowani nonse." Mmene anakumanirana sindingathe kulemba. Stanford, chimunthu chachikulu chija, anayang'ana kumpanda akupukuta m'maso.

Stanford atadula waya ndi kutsuka chilonda, ine ndinapita pampopi ndi mbale ya dothi. Ndili pakati posamba ndinamva galu akulira modabwitsa. Yemwe uja analephera kuimirira anali atadzikoka pansi, waluma buluku la Hamisu, akukoka ndi mphamvu zimene analibe. Ndinati basi ndi chiwewe, ndinatola chikuni. Stanford anandigwira mkono nati, "Yayi amama, lekani. Wonani waka."

Hamisu anachoka pamasitepe a khonde, anapita pakapinga, anapinda jekete yanu n'kugona ngati munthu wofuna kuothera dzuwa. Anati, "Chemwali, musaope." Kenaka zinabwera. Anaphiriphitha, galu atagona pambali pake, Sajeni ataima kumutu. Zitatha anatsamira Sajeni n'kudzuka, alibe bala ngakhale limodzi, napempha tiyi. Amene analira ndine, dothi lili m'mikono.

A ziweto amuona Kopolo, akuti ndi njala ndi chilonda, akhale womangidwa masiku angapo azimuyang'anira. Hamisu ndi agalu ake awiriwo akukhala m'chipinda chakuseri. M'nyumba yaikulu agalu sadzalowa, malire ndaika, ndipo mbale zawo ndi zawo. Makasitomala ena asiya kugula kwa ine, akagule kwina, shuga ndi yemweyo. Za galimoto, ngati anzanuwo akupereka ndi lamulo mwalembali, athokozeni muwabwezere. Ikabwera popanda lamulo, idzaima pageti pa mzikiti pamene aliyense akuiona.

Za najisi musade nkhawa, ndikusamba monga anatiphunzitsira bambo. Dothi pabwalo pano ndi lambiri, Achimwene, sindingalimalize. Hamisu ndiye tili naye mmodzi.

Ndine mlongo wanu,
Munirah

Mayfair, Johannesburg
7 Ogasiti 2023

Chemwali Munirah,

Waleikumu salamu. Kalata yanu ndawerenga mpaka kumapeto, ndipo ndatseka shopu nthawi isanakwane. Alamu anu akufunsa chimene chandilowa m'maso. Kalata yanga ija muing'ambe, Hamisu asaione.

Galimoto ibwera, lamulo lija ndafufuta. Mpango wina ndaika m'phukusi, ndipo nsapato zili m'menemo ndi za Stanford. Mumuuze Hamisu kuti akaona nambala ya ku Joni ayankhe, ndikufuna ndimve mawu ake, sinditchula za agalu pokhapokha atayamba yekha.

Kuno agalu oyenda ndi anthu osaona amavala tizovala towala, kuti aliyense adziwe kuti ali pantchito, asawagende kapena kuwalozera mfuti. Nsalu ndagula kale, yachikasu. Munditumizire muyeso wa pachifuwa ndi wa pamsana wa onse awiri. Hamisu dzanja silinapole, ndipo Stanford ndi msilikali, tepi ya telala sangaigwire bwino. Muyeze ndinu, munakulira pa makina a bambo. Dothi mwati lilipo.

Ndine mlongo wanu,
Abdulmajid